Munda ukapita ndi madzi: lipoti la thandizo la boma kwa alimi a ku Phalombe pambuyo pa namondwe wa Freddy

Lipotili ndalemba ngati mlangizi wa zaulimi amene anagwira nawo ntchito yowerengera chiwonongeko cha m'minda ndi yolemba maina a olandira thandizo m'boma la Phalombe, kuyambira pomwe namondwe wa Freddy anagwa mu Malichi 2023 mpaka ng'amba ya 2024. Ndalembera alangizi anzanga, mamembala a makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, makhansala, ndi aliyense amene adzapatsidwe fomu ndi cholembera madzi akadzasefukiranso. Maina a anthu ndi a midzi ndawasiya dala.

Funso lomwe alimi ankatifunsa, ndipo ena akufunsabe, ndi ili: munda wanga munabwera kudzauona, munalemba, nanga chipukutamisozi chake chili kuti? Zoona zake n'zakuti m'dziko muno mulibe ndondomeko yoti boma lilipire mlimi molingana ndi kukula kwa munda womwe wawonongeka kapena matumba omwe akanakolola. Thandizo limabwera ndithu, ndipo ku Phalombe linapulumutsa anthu ambiri. Koma limatsata khomo lomwe lilibe chakudya kapena denga. Munda umawerengedwa kuti likulu lidziwe kukula kwa vuto, osati kuti mwini wake abwezeredwe kanthu. N'chifukwa chake alimi ambiri anatuluka m'chaka chimenecho ali moyo koma opanda poyambira.

Zomwe zinachitika

Boma la Phalombe layambira m'tsinde mwa phiri la Mulanje ndi la Michesi n'kutsetsereka chakumpoto mpaka kunyanja ya Chilwa. Kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 400,000, ndipo pafupifupi onse amadya za khasu. Minda ndi yaing'ono. Mabanja ambiri safika hekitala imodzi. Amalima chimanga chosakaniza ndi nandolo, mpendadzuwa, mapira, chinangwa, ndi mpunga kumadambo a kufupi ndi nyanja. Achikulire akuno amamudziwa napolo. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi linagumuka n'kupha anthu mazanamazana, ndipo ngozi imeneyo ndi yomwe inachititsa kuti chaka chomwecho dziko lino likhale ndi lamulo lake loyamba lokhudza kukonzekera ngozi ndi kupereka thandizo.

Freddy anaposa zonsezo. Ku Nkhulambe, dera lina la m'boma lomweli, kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, mvula yomwe madera ambiri a m'dziko muno amalandira dzinja lonse. Pa 13 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo cha kumwera chili pangozi. M'dziko lonse, omwalira pamodzi ndi osowa anaposa 1,200, osowa pokhala anaposa 650,000, ndipo mbewu za m'minda yoposa mahekitala 200,000 zinawonongeka. Kafukufuku yemwe boma linachita pambuyo pake anapeza kuti chiwonongeko chonse chinali cha madola 506.7 miliyoni a ku America, ndipo kukonzanso zinthu kukanafuna madola 680.4 miliyoni. Misewu ndi milatho ya ku Nkhulambe inaduka, mwakuti kwa kanthawi thandizo linkafikako pa helikoputa basi.

Kwa mlimi, choipitsitsa chinali mwezi womwe mvulayi inagwa. Pakati pa Malichi chimanga chimakhala chitakhwima, ana atayamba kudya mondokwa, eni ake akungodikira kuti chiume. Ndalama ya mbewu inali italowa kale, ya feteleza italowa kale, aganyu opalira ndi obandira atalipidwa kale. Madzi a mu Disembala amawononga mbewu koma amakusiyira dzinja loti ubzalenso. A mu Malichi amatenga zonse zomwe waika m'munda, dzinja litatha.

Kuwerengera chiwonongeko

Malipoti amayenda njira ziwiri. Komiti ya ngozi ya m'mudzi imalemba nyumba zakugwa, ovulala ndi omwalira, n'kupereka ku komiti ya kwa mfumu yaikulu, kenako kukhonsolo, mpaka ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ife a zaulimi timalemba za m'minda: mtundu wa mbewu, mahekitala owonongeka, mabanja okhudzidwa, angati otsogoleredwa ndi amayi ndipo angati ndi abambo, ziweto zingati zafa. Zimachoka kwa mlangizi wa dera, kupita ku ofesi ya zaulimi yoyang'anira alangizi a madera angapo (EPA), ku ofesi ya zaulimi ya boma, ku ofesi ya zaulimi yoyang'anira maboma angapo (ADD) ya Blantyre, mpaka ku unduna.

Mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, kwina kuwirikiza kawiri kapena katatu. Njinga yamoto siinkadutsa, mitsinje inali itasintha njira, ndipo chiwerengero chinkafunika msanga kuti boma lipemphe thandizo kunja. Choncho tinkayenda wapansi pomwe pankayendeka, kwinako n'kudalira alimi achitsanzo ndi anyakwawa. Palibe choipa pamenepo. Iwowa amadziwa munda uliwonse ndi mwini wake. Vuto lili pa zomwe chiwerengerocho chimabisa chikangofika pa pepala.

Pali munda womira. Madzi amakhalamo masiku angapo, chimanga chimagwa n'kuvunda kapena kumera chili pa phesi, koma nthaka imatsala, ndipo nthawi zina matope omwe madzi asiya amaiwonjezera chonde. Mwini munda wotere akapeza mbewu m'masabata ochepa, amakolola chaka chomwecho. Pali munda wokokoloka, pomwe madzi achotsa dothi lapamwamba, mizere yafafanizika, pakati padutsa chigwembe chozama kuposa msinkhu wa munthu. Uwu umafuna manja ambiri, udzu wa vetiva, manyowa, ndi zaka zingapo kuti ubwerere.

Ndiye pali munda wokwiririka, womwe ndi wovuta kuufotokoza kwa munthu amene sanauone. M'tsinde mwa phiri tinaima pamalo pomwe mwini wake ankati panali chimanga ndi nandolo. Tinkaona mchenga woyera ndi miyala, ina yaikulu ngati nkhokwe, ndi zitsa za mitengo yochokera pamwamba pa phiri. Mnyamata wina anakumba ndi khasu mpaka dzanja lonse kulowa, koma dothi lakuda sanalipeze. Khonje ndi mitengo yomwe inkasonyeza malire inali itapita, mwakuti anthu oyandikana minda ankaloza malo osiyana, aliyense akunena zoona zake monga ankakumbukira. Munthu ameneyu sanataye zokolola za chaka chimodzi. Anataya munda weniweniwo, womwe agogo ake anasiyira mayi ake.

Pa lipoti lopita kumtunda, minda itatuyi imasanduka chinthu chimodzi: mahekitala owonongeka. Woyamba amafuna mbewu lero. Wachiwiri amafuna kulipidwa pa ntchito yokonza nthaka yake. Wachitatu amafuna malo ena. Onse atatu, akachita mwayi wolembedwa, amalandira zofanana.

Za ziweto ndinene mwachidule. Mbuzi, nkhumba ndi nkhuku ndiye banki ya mlimi wakumudzi, ndipo zambiri zinapita ndi makola ake. Tinkalemba zomwe tauzidwa, pakuti mbuzi yopita ndi madzi ilibe umboni. Anthu ataona kuti kulembetsa ziweto sikubweretsa kanthu, ena anasiya n'kutiuza komwe.

Ndani amalowa m'kaundula

Apa ndi pomwe pali nkhani yaikulu, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Mndandanda woyamba unali wa m'misasa. Anthu anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo ufa, nyemba, mabulangete, ndowa ndi mankhwala a m'madzi zinkapita kumeneko, makamaka poti kolera inali isanathe m'dziko. Zimenezi zinali zoyenera. Koma mndandandawu unkayang'ana nyumba. Banja lomwe nyumba yagwa koma linakagona kwa mlongo wake, silinkaoneka. Banja lomwe nyumba yatsala koma munda wonse wapita, silinkaonekanso. Patapita masabata, ena mwa anthu oterewa anayamba kubwera kumsasa masana kudzalembetsa, usiku n'kukagona kwawo. Ankatchedwa achinyengo. Ine amene ndinali nditaona minda yawo ndinkadziwa kuti njala yawo ndi yofanana ndi ya ogona m'kalasi, kungoti inalibe fomu yake.

Mndandanda wachiwiri ndi wa miyezi ya njala. Komiti younika za njala m'dziko muno, ya MVAC, imachita kafukufuku pambuyo pa kukolola n'kunena kuti m'boma lililonse anthu angati adzasowa chakudya, kwa miyezi ingati. Chiwerengerocho chimagawidwa kwa mafumu akuluakulu, kwa magulupu, mpaka m'midzi, ndipo mudzi umasonkhana kusankha maina. Oyamba ndi okalamba, aulumali, odwala matenda a mgonagona, ana olera anzawo, amayi amasiye olera ana ambiri. Sindingatsutse zimenezo, chakudya chikachepa, awa ndiye ayenera kuyamba.

Koma taonani amene amatsala. Ndi mlimi wapakati uja, amene m'chaka chabwino amakolola chokwanira, amagulitsako nandolo ndi mpendadzuwa, ali ndi njinga ndi nyumba ya malata. Pa msonkhano amauzidwa kuti, "Inu bambo muli ndi mphamvu, mukhoza kudzithandiza." Chonsecho ndi iye amene wataya zambiri, chifukwa ndi amene anaika zambiri m'munda, kawirikawiri ndi ndalama yangongole. Ndiponso ndi iye amene amalemba anzake ganyu. Akagwa iye, osauka a m'mudzimo amasowa kokapalira kuti apeze ufa wa tsikulo. Kumusiya mlimi ameneyu kumabwereranso kwa anthu omwewo amene ndondomeko ikufuna kuwateteza.

Palinso nkhani ya eni minda. Kuno ukwati wambiri ndi wachikamwini: munda ndi wa mbumba, mwamuna amalima kwa mkazi. Fomu ikafunsa mutu wa banja, kawirikawiri amalembedwa bambo, foni yolandirira ndalama n'kukhalanso ya bambo. Banja likasokonekera, ndipo m'nthawi ya mavuto mabanja amasokonekeradi, dzina limapita ndi bambo, mayi n'kutsala ndi ana ndi munda wa mchenga. Enanso amalima minda yalendi. Mwini malo ndiye amadziwika kwa amfumu, pomwe amene anagula feteleza n'kulipiriratu lendi ya chaka chonse ndi wina. Phalombe ndi limodzi mwa maboma omwe anayamba kuyesererako kalembera wa malo a makolo motsatira lamulo la 2016, koma minda yambiri ilibe pepala lililonse, ndipo ya lendi imangopanganidwa pakamwa.

Tsiku logawa likatha, m'midzi yambiri mumachitika kugawananso. Thumba la munthu mmodzi limatsegulidwa n'kuyezedwa m'ndowa kapena m'mabeseni kuti makomo awiri kapena atatu apezeko. Malamulo a ndondomeko amaletsa zimenezi, ndipo alipo mafumu amene amalowetsa abale awo kapena kufuna kangachepe, omwe ayenera kudzudzulidwa poyera. Koma zambiri zomwe ndinaona sizinali kuba. Mudzi womwe makomo onse ataya minda, n'kupatsidwa maina ochepa, sungathe kuonerera khomo limodzi likuphika ena akugona ndi njala. Zotsatira zake n'zakuti thumba lomwe pa pepala ladyetsa banja mwezi wonse, limatha m'sabata imodzi.

Chomaliza pa kaundula ndi ziphaso za unzika. Zambiri zinapita ndi madzi pamodzi ndi mafoni. Chonsecho chiphaso ndiye khomo lolowera ku feteleza wotsika mtengo, kulembetsanso nambala ya foni, ndi kulandira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money.

Zomwe zinafika, ndi nthawi yomwe zinafika

Madzi akaphwa, chinyontho chimatsala m'madimba ndi m'madambo kwa masabata owerengeka. Epulo ndi Meyi ndiyo miyezi yomwe mlimi angabwezeko zina mwa zomwe wataya, akapeza chimanga chocha msanga, nyemba, mbewu ya mbatata, mbewu za masamba, makeni othirira ndi khasu, poti makasu nawo anapita. Boma ndi mabungwe anagawadi zinthu zoterezi m'maboma okhudzidwa. Komwe zinafika nthaka ikadali yonyowa, anthu anadya chimanga chachiwisi ndi mbatata mkati mwa chilimwe, ndipo kholowa anayamba kuthyola pasanathe miyezi iwiri. Pa ndalama zonse zomwe zinagwiritsidwa ntchito, sindikuona ina yomwe inabweza phindu loposa imeneyi.

Komwe zinafika mochedwa, mbewu yomweyo inasanduka katundu wina. Nthaka itauma, mlimi wopanda pothirira sangabzale. Ena anasunga kudikira dzinja, ena anagulitsa kuti agule ufa, ndipo tinkachita kuyenda khomo ndi khomo kuchenjeza anthu kuti asatsuke mbewu yothira mankhwala ija n'kupita nayo kuchigayo. Mbewu ya mbatata ndiye siidikira n'komwe. Ndinaona mitolo yake ikutsitsidwa m'galimoto itatenthedwa m'njira, masamba atada, mkati mwa mtolo mukutentha ndi kununkha. Amayi anakhala pansi kusankha tizingwe tomwe tinali tikadali tamoyo, koma tambiri tinali titafa kale. Pa lipoti, mabanja onsewo analandira mbewu ya mbatata.

Kuchedwaku sikuchokera pa ulesi wa munthu mmodzi. Ndalama ziyambe zapemphedwa, zilonjezedwe, zifike, ogulitsa apikisane, mbewu iyesedwe, galimoto ipeze mlatho. Chilichonse mwa izi chili ndi chifukwa chake. Koma zikamatha, chinyontho chimakhala chitapita.

Kenako inafika miyezi ya njala. MVAC inapeza kuti anthu 4.4 miliyoni m'dziko muno adzasowa chakudya m'nyengo ya 2023/24. Thandizo linali thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa khomo pamwezi, kapena m'madera ena ndalama, K50,000 pamwezi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kukwera nthawi yomweyo. Wolandira thumba anatsala ndi thumba lake. Wolandira ndalama anaona ikuchepa ili m'manja. Komabe alimi ambiri omwe ndinacheza nawo ankakonda ndalama, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Inali nthawi yobzala. Feteleza wotsika mtengo wa ndondomeko ya boma ya AIP ankafuna kuti mlimi aperekepo K15,000 pa thumba, munda walendi unkafuna kulipiridwa, mbewu inkafunika. Ndalama yogulira chakudya ndi yomwe inakhala mpamba wa ulimi, poti mpamba wina kunalibe. Anachita mwanzeru, koma mtengo wake unali kudya kamodzi patsiku m'miyezi yomwe ntchito ya kumunda imafuna mphamvu kwambiri.

Makomo awiri

Agogo ena olera zidzukulu anali ndi kamunda kufupi ndi dambo, ndipo kanamira. Nyumba yawo ya zidina zosawotcha inagwa, choncho anagona kumsasa. Anali kale pa Mtukula Pakhomo, ndondomeko yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006 yothandiza mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Dzina lawo linali kale m'kaundula, aliyense ankawadziwa, ndipo palibe amene anatsutsa pamene analembedwa kumsasa, pa mbewu, ndi pa miyezi ya njala. Mdzukulu wawo wamkulu anabzala chimanga ndi mbatata pa chinyontho. Sanalemere, koma sanagulitse kanthu kuti adye, ndipo ana sanasiye sukulu. Ndondomeko inagwira ntchito monga inakonzedwera, ndipo ndimanyadira kuti ndinali nawo.

Chakumtunda kwa mudzi womwewo kunali banja la anthu a zaka zapakati, alimi omwe ndinkawatengera anzawo kukaona munda wawo pa masiku achionetsero. Ankalima munda wa mayi ndi wina walendi. Chaka chimenecho mayi anatenga ngongole ku banki mkhonde kuti aonjezere feteleza. Nyumba yawo ya njerwa zowotcha inapirira. Munda wa mayi unakwiririka, walendi unakokoloka. Kumsasa sanalembedwe poti nyumba inalipo. Pa mbewu za m'dimba sanalembedwe poti analibe dimba. Pa msonkhano wa miyezi ya njala anaonedwa ngati opezako bwino. Ngongole inafuna kubwezedwa, pakuti anzawo a m'gulumo nawonso anali pamavuto. Anagulitsa njinga, kenako mbuzi zomwe zinapulumuka, kenako malata a kukhitchini. Bambo anawoloka kupita ku Mozambique kukagwira ganyu wolipidwa chinangwa chouma. Mwana wawo wa kusekondale anakhala pakhomo. Tsiku lina ndinawapeza mayi akuphika kalongonda, nyemba zija zomwe zimafuna kuwiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi kuti zisaledzeretse. Kalongonda ndi chakudya chomwe Alhomwe amachikonda, koma tsiku limenelo sichinali chapambali. Chinali chakudya chokhacho cha pakhomopo. Anandilandira bwino, n'kundifunsa modekha: "Alangizi, zomwe munalemba zija zinafika?"

Zinafika. Hekitala yawo ili m'gulu la mahekitala oposa 200,000 aja, ndipo inathandiza kuti dziko lipeze thandizo. Iwo eni sanaonepo kanthu.

Chaka chotsatira, ndi nkhani ya inshulansi

Amene anakwanitsa kubzala kumapeto kwa 2023 anakumana ndi ng'amba ya El Niño. Pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti analengezanso za ngozi, ulendo uno m'maboma 23 mwa maboma 28, ndipo ananena kuti mabanja a alimi pafupifupi 2 miliyoni akhudzidwa, komanso kuti mahekitala 749,113 a chimanga awonongeka. MVAC inapeza anthu 5.7 miliyoni osowa chakudya. Kumwera kuno kunali kutadutsa kale namondwe wa Ana ndi wa Gombe mu 2022. Banja lomwe silinathandizidwe kuimirira pambuyo pa Freddy linalowa m'chilalachi lilibe mbuzi, lilibe njinga, lilibe choti ligulitse. Ambiri mwa alimi apakati aja tsopano anakwanira bwinobwino pa mndandanda wa osaukitsitsa, ndipo analembedwa popanda wotsutsa. Kuwadyetsa mu 2024 kunadya ndalama zomwe zikanatha kuwabwezera kumunda mu 2023.

Anthu ena amati yankho ndi inshulansi. Boma la Malawi limagula inshulansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity la mgwirizano wa maiko a mu Africa, ndipo mu 2024 linalandira madola 11.2 miliyoni. Ndi ndalama yothandiza, koma imalipidwa ku boma, lomwe limaigwiritsa ntchito podyetsa mabanja anjala kudzera m'mindandanda yomwe ija. Siipita kwa mlimi monga malipiro a munda wake, ndiponso inshulansi ya chilala siiona madzi osefukira.

Mbiri ya inshulansi imeneyi ili ndi phunziro lomwe alangizi tiyenera kulidziwa. M'nyengo ya 2015/16 boma linalipira pafupifupi madola 4.7 miliyoni. Chilala chinagwa, anthu oposa 6.5 miliyoni n'kusowa chakudya, koma makina owerengera a bungwelo anaonetsa kuti okhudzidwa ndi pafupifupi 20,000 okha, motero malipiro sanatuluke. Atafufuza anapeza kuti makinawo anauzidwa kuti alimi amabzala chimanga chokhwima pa masiku 120 mpaka 140, pomwe ambiri anali atasinthira ku chocha msanga cha masiku 90, chomwe ng'amba inachipeza pa nthawi yongotulutsa ngaiyaye. Atakonza, boma linalandira madola 8.1 miliyoni mu Januwale 2017, miyezi yambiri chilengezereni ngozi mu Epulo 2016. Mlangizi aliyense wakumudzi akanatha kunena mtundu wa chimanga chomwe chinali m'minda. Zomwe timalemba m'mabuku athu a dera zimatha kutsegula kapena kutseka ndalama zochuluka chotere.

Inshulansi yofika kwa mlimi mwini iliponso. Mu 2021 mabanja pafupifupi 65,000 omwe anali m'ndondomeko ya bungwe loona za chakudya padziko lonse la WFP analandira madola 2.4 miliyoni zokolola zitavuta. Iyi ndiyo yayandikira kwambiri ku zomwe alimi a ku Phalombe ankafunsa. Komabe imalipira poyang'ana zokolola kapena mvula ya dera lonse, osati munda wa munthu payekha, ndipo alimi ambiri amaikwanitsa chifukwa pali wina wowathandiza kulipira.

Zomwe ndikupempha

Mu Epulo 2023 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano loyendetsera ngozi zogwa mwadzidzidzi, lolowa m'malo mwa la 1991 lija. Limaika patsogolo kukonzekera, osati kungothamanga ngozi itagwa kale. Pempho langa lalikulu n'lakuti pokonzekerapo munda uwerengedwe paokha, ukhale ndi mndandanda wakewake wosiyana ndi wa nyumba ndi wa njala. Sindikunena kuti boma lilipire thumba lililonse lotayika. Chuma chathu sichingakwanitse, ndipo kutsimikizira zokolola za munda uliwonse kungadye ndalama zambiri kuposa malipirowo. Ndikunena za thandizo loyambiranso ulimi, lofanana kwa aliyense amene munda wake watsimikizidwa kuti wawonongeka, kaya nyumba yake yagwa kaya ayi, kaya ndi wosaukitsitsa kaya ndi wapakati, lolembedwa m'dzina la amene analima mundawo chaka chimenecho.

Kuti zimenezi zitheke, kaundula wa alimi ayenera kukhalapo mvula isanayambe: ndani akulima pati, mbewu yanji, munda wake kapena walendi. Zambiri mwa izi timazitolera kale pokonzekera feteleza wotsika mtengo ndi poyerekeza zokolola chaka ndi chaka. Chofunika ndi kuzisunga pamalo pomwe madzi sangazipeze ndi kuvomereza kuti zigwiritsidwe ntchito tsiku langozi. Fomu ya chiwonongeko isiyanitse munda womira, wokokoloka ndi wokwiririka, ndipo kusiyanako kufike mpaka kwa ogawa thandizo. Mgwirizano ndi ogulitsa mbewu upangidwiretu chaka chilichonse, ndipo mbewu ya mbatata ndi ya chinangwa ichulukitsidwe m'boma momwemo, m'minda ya magulu a alimi, kuti isamayende mtunda wautali. Eni minda yokokoloka alowe msanga m'ntchito zachitukuko zolipidwa zobwezeretsa chilengedwe, ndipo aziloledwa kugwira ntchitoyo m'minda yawo yomwe. Ogwira ntchito yopereka ziphaso azifika kumisasa m'masabata oyambirira.

Kwa alangizi anzanga ndili ndi pempho lomwe silifuna ndalama. Tikafika pamunda ndi fomu, timuuze mlimi momveka kuti tikulemberanji, ndi kuti kulembaku si lonjezo la malipiro. Munthu akaona wa boma akulemba dzina lake amayembekezera, ndipo ena anachedwa kufunafuna njira zina podikira zomwe sizinakonzedwe n'komwe kuti zibwere.

Nkhani ya minda yokwiririka ndiyo yatsala yosayankhidwa. Lamulo latsopano limalola kuti malo oopsa aletsedwe kukhalamo anthu ndi kuti anthu asamutsidwe, ndipo mabanja ena anapezeredwa malo omangapo nyumba. Koma malo a nyumba si munda. Amene anasamuka amabwererabe kumunsi kwa phiri kukalima m'mipata ya miyala, kapena amalipira lendi chaka ndi chaka kuchokera m'ndalama ya ganyu. Nkhaniyi yasiyidwa m'manja mwa mafumu, ndipo m'boma lodzaza anthu ngati Phalombe mafumuwo alibenso malo oti agawe. Ikufunika khonsolo, unduna wa zamalo ndi wa zaulimi akhale pansi ndi mndandanda wa mabanja amenewa, dzina ndi dzina, n'kugamula kuti malo olima agulidwa kuti ndipo alipira ndani.